Kodi Mawu Ojintcha Amakhozetsa Mayeso a Chingerezi?

Ku Malawi Chingerezi chimatha kumuimitsa mwana ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Bungwe la MANEB silipereka satifiketi ya MSCE kwa amene walephera Chingerezi, ndipo mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo ya Chingerezi. Namwino wofuna kukagwira ntchito ku Britain amakumananso nacho, pakuti akasankha mayeso a IELTS, bungwe la Nursing and Midwifery Council limafuna kuti apeze 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kuyankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Pofuna kuwoloka pamenepa ambiri amagula kope n'kuyamba kulembamo mawu ataliatali, osowa, oti munthu akawatchula anzake atembenuke. Khama lake ndi labwino, koma nthawi zambiri limathera pa mawu olakwika, ophunziridwa m'njira yolakwika.

Kodi mawu apamwamba amene mayeso amafuna ndi ati?

Si mawu odabwitsa aja ayi, ndipo eni mayesowo anazisonyeza poyera. Mayeso a GRE, amene amalembedwa ndi ofuna digiri yachiwiri ku America, kale ankafunsa mawu otsutsana m'tanthauzo, liwu lili lokhalokha popanda chiganizo. M'chaka cha 2011 bungwe la ETS, limene limakonza mayesowa, linachotsa mafunso amtunduwu. Mayeso a SAT, a ofuna kulowa yunivesite ku America, nawonso anasinthidwa mu 2016, ndipo mawu osowa aja anasiyidwa. Tsopano wolemba amafunsidwa tanthauzo la liwu malinga ndi mmene lagwirira ntchito m'ndime. Pa IELTS palibe pepala la mawu paokha. Pochonga chimangirizo amayang'ana zinthu zinayi zolemera mofanana: kuyankha funso, kulumikizana kwa mfundo, malamulo a chiyankhulo, ndi kagwiritsidwe ntchito ka mawu. Pa gawo la mawuli amafufuza ngati liwu lagwera pamalo pake, ngati layenda ndi anzake oyenera, komanso ngati lalembedwa molondola.

Mawu a Chingerezi tingawaike m'magulu atatu. Pansi pali mawu a tsiku ndi tsiku, pafupifupi 2,000, amene Michael West anawasonkhanitsa m'chaka cha 1953. Amenewa ndiwo amadzaza mbali yaikulu ya tsamba lililonse. Pamwamba pali mawu zikwizikwi osowa, monga *perspicacious*, amene mungawerenge mabuku angapo osakumana nawo. Pakatikati ndi pamene pagona nkhani. M'chaka cha 2000 Averil Coxhead wa ku yunivesite ya Victoria mumzinda wa Wellington ku New Zealand anasanthula zolembedwa za maphunziro apamwamba za mawu okwana pafupifupi 3.5 miliyoni, n'kupeza mabanja a mawu 570 amene amabwerabwera m'maphunziro osiyanasiyana, kaya a malamulo, a zamalonda kapena a sayansi. Ndi mawu onga *assess*, *derive*, *constitute*, *significant* ndi *establish*. Sachititsa chidwi munthu aliyense, koma mawu 10 mwa 100 alionse a m'zolembedwa zotere amachokera pa mndandanda umenewu. Pa tsamba la mawu 300, ndiye kuti pafupifupi 30 ndi a m'gulu limeneli. Wophunzira amene waloweza *perspicacious* koma akukayika pa kusiyana kwa *assume* ndi *assess* wataya nthawi pa liwu limene mwina sadzaliona pa pepala la mayeso, n'kusiya limene lili m'funso lenilenilo.

Nanga munthu ayenera kudziwa mawu angati?

Paul Nation, wa ku yunivesite yomweyo ya Victoria, anawerengera m'chaka cha 2006 kuti munthu wofuna kuwerenga nyuzipepala kapena buku la nkhani popanda womuthandiza ayenera kudziwa mabanja a mawu pakati pa 8,000 ndi 9,000, ndipo wofuna kumva zoyankhulidwa, pakati pa 6,000 ndi 7,000. Muyeso wake unali wakuti wowerenga azidziwa mawu 98 mwa 100 alionse. Kusiyana kwa 98 ndi 95 kumaoneka kochepa, koma tawerengani: pa tsamba la mawu 300, wodziwa 98 amapunthwa kasanu n'kamodzi, pamene wodziwa 95 amapunthwa maulendo 15. Wa pa IELTS ali ndi mphindi 60 zoti awerenge ndime zitatu zazitali ndi kuyankha mafunso 40. Kupunthwa kochuluka chonchi sikumusiyira mpata woganizira funsolo.

Banja la mawu si chinthu chachilendo kwa wodziwa Chichewa. Amene wadziwa kuphika savutika ndi kuphikira, kuphikitsa kapena kuphikidwa. Chimodzimodzi *analyse*, *analysis*, *analyst* ndi *analytical* amawerengedwa ngati banja limodzi. Chiwerengero cha 8,000 chisakugwetseni mphwayi, chifukwa mawu salemera mofanana. Chikwi choyamba chimapindulitsa kuposa chachiwiri, chachiwiri kuposa chachitatu, mpaka m'tsogolo. Choncho funso lothandiza kwenikweni ndi lakuti muyambire pati, ndipo yankho ndi lakuti mutseke kaye mipata imene yatsala m'mawu 2,000 oyambawo, kenaka mugwire 570 a Coxhead, amene anawagawa kale m'timagulu khumi kuyambira opezeka kawirikawiri.

Kuloweza pamtima ndiko tinakulira. Kodi n'kolakwika?

Kuloweza pakokha sikolakwika, ndipo amene amakunyoza kotheratu amapitirira muyeso. Cholakwika ndi kalowezedwe kamene ambiri amachita: kutsegula kope, kuwerenga liwu ndi tanthauzo lake lili pambali pomwepo, kubwereza mpaka zonse zizioneka zodziwika, n'kutseka kope mtima uli m'malo. Kuzindikira liwu poliona ndi kulikumbukira pamene palibe chokukumbutsani ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mayeso amafuna yachiwiriyo.

Umboni wake ndi womveka. M'chaka cha 2008 Jeffrey Karpicke ndi Henry Roediger anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Science. Anapatsa ophunzira a pa yunivesite ku America mawu 40 a Chiswahili pamodzi ndi matanthauzo ake m'Chingerezi. Onse anaphunzira mpaka aliyense anakhoza liwu lililonse kamodzi. Kusiyana kunali pa zochitika liwu likangokhozedwa: kwa ena linkapitiriza kufunsidwa, kwa ena linkachotsedwa pa mafunso ngakhale kuti ena mwa iwo ankapitiriza kuliwerenga. Patatha sabata imodzi, amene ankafunsidwabe anakumbukira mawu pafupifupi 80 mwa 100 alionse, pamene enawo anakumbukira pafupifupi limodzi mwa atatu. Kubwereza kuwerenga sikunaonjeze kanthu. Chinanso chofunika kuchiganizira n'chakuti ophunzirawo atafunsidwa kuti alosere mmene adzakhozere, magulu onse analosera mofanana. Ndiye kuti munthu sangadalire mmene akumvera mumtima kuti adziwe ngati wagwiradi mawu. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Liwu limene mwangoliona m'kope likadali pachala.

Chachiwiri ndi nthawi. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zimene munthu waloweza zimaiwalika m'maola ndi masiku oyambirira, kenaka kuiwalako kumachepa liwiro, ndiponso kuti kubwereza kotalikirana kumasunga zinthu kuposa kubwereza kounjika tsiku limodzi. Mtolankhani wina wa ku Germany komweko, Sebastian Leitner, anasandutsa mfundoyi kukhala njira yosavuta m'chaka cha 1972. Liwu lililonse limalembedwa pa kapepala kake, Chingerezi kutsogolo, tanthauzo ndi chiganizo kuseri. Timapepala tonse timayambira m'bokosi loyamba, limene limaonedwa tsiku lililonse. Mukakhoza liwu musanatembenuze kapepala, kamapita m'bokosi lachiwiri limene limaonedwa patapita masiku angapo, kenaka lachitatu limene limadikira nthawi yotalikirapo. Mukalakwa, kamabwerera m'bokosi loyamba ngakhale kanali katafika patali. Mwa njira imeneyi nthawi yanu yambiri imathera pa mawu amene akukuvutani. Pulogalamu ya Anki, yaulere pa kompyuta ndi pa mafoni a Android, imagwira ntchito yomweyi, koma makatoni odulidwa ndi maenvelopu atatu amakwanira kwa amene alibe foni kapena magetsi odalirika.

Aphunzitsi ena amati ingowerengani mabuku ambiri, mawu adzabwera okha. Akunama?

Sakunama, koma akunena theka. Kuwerenga kumapereka zimene kapepala sikangapereke: kumaonetsa liwu lili pakati pa anzake, m'nkhani zosiyanasiyana, ndipo kumafulumizitsa maso. Vuto ndi lakuti mawu a pakatikati aja sabwera pafupipafupi. Munthu amafunika kukumana ndi liwu kambirimbiri kuti likhazikike, ndipo ngati lioneka lero n'kudzaonekanso patatha miyezi iwiri, kukumana koyamba kuja kumakhala kutafufutika. Kungoganizira tanthauzo kuchokera m'chiganizo nakonso kumatheka bwino pokhapokha mawu ozungulira akudziwika. Mwana wa Fomu 3 amene wapatsidwa buku limene mzere uliwonse uli ndi mawu awiri achilendo sakuwerenga, akungovutika, ndipo posachedwa alitaya.

Njira ziwirizi n'zofunika kuziphatikiza, ndipo kuwerengako kukhale kosankha. Mabuku olembedwa m'Chingerezi chopepukitsidwa mwadala, monga a Oxford Bookworms, sachititsa manyazi. Ntchito yake ndi yomweyi. Mabuku a nkhani za kuno kwathu, monga Smouldering Charcoal la Paul Tiyambe Zeleza, ali ndi ubwino wakuti malo ndi moyo wa anthu ake n'zodziwika kale, kotero nzeru zonse zimapita pa chiyankhulo. Koma chida chotsika mtengo kwambiri ndi nyuzipepala, ikawerengedwa motsata nkhani imodzi. Pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, amene ankatsata nkhaniyi mu The Nation kapena The Daily Times anakumana ndi *devaluation*, *inflation*, *deficit* ndi *subsidy* tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo. Kubwereza kumene buku limodzi silingapereke, nkhani yotentha imakupereka yokha. Mawu amene mwakumana nawo kawiri kapena katatu m'kuwerenga kotere ndi amene ayenera kulembedwa pa timapepala.

Ndikadziwa tanthauzo, kodi sindinalidziwe liwulo?

Mwangoyamba kumene. Malikisi ambiri amatayika pa mawu amene wolemba amadziwa tanthauzo lake koma sadziwa anzake oyenda nawo. Mvula yamphamvu m'Chingerezi ndi *heavy rain*, ndipo *strong rain* ikumveka koma siyovomerezeka. Kafukufuku amayenda ndi *conduct* kapena *do*, osati *make*. Mneni *comply* amafuna *with* pambuyo pake, pamene *discuss* safuna *about*, ngakhale kuti kuno ambiri amamuikira. Palibe lamulo limene lingakuuzeni zimenezi. Zimaphunziridwa limodzi ndi liwulo, ndipo n'chifukwa chake kuseri kwa kapepala kuyenera kukhala chiganizo chathunthu.

Pali mawu ena ofanana nkhope koma osiyana ntchito. *Economic* amakamba za chuma cha dziko, *economical* amakamba za kusawononga ndalama. *Famous* ndi *notorious* onse amanena za kutchuka, koma wachiwiriyu ndi kutchuka ndi zoipa, ndipo wophunzira amene wamutola m'buku la mawu ofanana matanthauzo n'kumuika pa munthu amene akufuna kumutamanda wamunyoza osadziwa. Zolakwa zina zimachokera ku chiyankhulo chathu. Timati ndibwerekeni cholembera, ndiye mwana amalemba *borrow me* pamene Chingerezi chikufuna *lend me*. M'Chichewa l ndi r sasiyanitsa matanthauzo, kotero *collect* ndi *correct* amasokonekera m'khutu ndi pa pepala pomwe. Pa gawo la kumvetsera la IELTS, yankho lolondola koma lolembedwa molakwika limathethedwa. Kudziwa liwu kumafuna kuti mudziwe kamvekedwe kake, kalembedwe kake, abale ake, ndi malo amene limaloledwa kukhala.

Kodi n'koyenera kulemba matanthauzo m'Chichewa?

Inde, makamaka poyamba. Tanthauzo lalifupi la m'chiyankhulo chimene munthu anayamwira limagwira msanga kuposa tanthauzo la m'Chingerezi limene mwina lili ndi mawu ena awiri osadziwika, ndipo mtanthauziramawu wa Chichewa ndi Chingerezi monga wa Steven Paas ndi wothandiza pamenepa. Malire ake ndi akuti liwu limodzi lathu nthawi zina limaphimba angapo a Chingerezi: kufufuza kungakhale *investigate*, *research* kapena *examine*, ndipo atatuwa salowana m'malo paliponse. Apa m'pofunika dikishonale yolembedwera ophunzira. Ya Oxford Advanced Learner's, imene anaiyamba A. S. Hornby, imaonetsa ziganizo ndi aperekezi oyenera, ndipo ya Longman imamasulira mawu ake onse pogwiritsa ntchito mawu osavuta pafupifupi 2,000.

Nanga zophunzira matsinde a Chilatini ndi Chigiriki?

Zimathandiza, pakuti mawu oposa 80 mwa 100 alionse a pa mndandanda wa Coxhead anachokera ku ziyankhulo ziwirizi. Mbiri yake ndi yakuti Anormani atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinakhala chiyankhulo cha mafumu ndi mabwalo a milandu, pamene Chilatini chinali cha tchalitchi ndi maphunziro. N'chifukwa chake Chingerezi chili ndi *ask* wa kunyumba, *question* wa pakati ndi *interrogate* wa kupolisi. Wodziwa kuti *port* ndi kunyamula amaona ubale wa *import*, *export* ndi *portable*. Koma tsinde ndi lothandiza kukumbukira liwu limene mwaliona kale m'dikishonale kuposa kulosera lachilendo. Amene waphunzira kuti *in* kumayambiriro amatanthauza kukana adzaganiza kuti *invaluable* ndi chinthu chopanda phindu ndipo *inflammable* ndi chosayaka, pamene choyambacho ndi chamtengo wapatali ndipo chachiwiricho chimayaka msanga.

Komatu ochonga mayeso ndi anthu. Kodi sagoma akaona mawu akuluakulu?

Funsoli lili ndi maziko. Kwathu kuno munthu wothyola chizungu chovuta amapatsidwa ulemu, pa msonkhano ngakhale pa mtsutso wa ophunzira, ndipo n'zoona kuti chimangirizo chongobwereza *good*, *bad* ndi *very* sichingafike pamwamba. Wochonga amafunadi kuona kuti wolemba ali ndi mawu okwanira. Koma chimene chimamukopa ndi liwu limene lanena ndendende zimene wolemba amafuna kunena. *Deteriorate* amaposa *get bad* chifukwa amanena za kuipiraipira pang'onopang'ono, ndipo kutalika kwake kulibe nazo ntchito. Liwu lalikulu likagwera pamalo polakwika limaonekera kutali, ndipo limaulula kuti wolembayo sakulidziwa.

Daniel Oppenheimer wa ku yunivesite ya Princeton anayesa nkhaniyi, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2006. Anatenga zolemba n'kusinthamo mawu osavuta ndi ena ataliatali a tanthauzo lofanana, n'kupatsa anthu kuti aweruze. Owerengawo anaona olemba a mawu ataliataliwo ngati anzeru zochepa poyerekeza ndi olemba zosavuta zija, chifukwa zolembazo zinavuta kumva. Wina angati owerenga amenewo anali ophunzira a ku America, osati aphunzitsi ochonga MSCE, ndipo akhoza kukhala ndi mfundo. Komabe wochonga amene ali ndi mulu wa mapepala patsogolo pake ndiye wosowa nthawi kuposa wowerenga wina aliyense, ndipo chiganizo chimene ayenera kuchiwerenga kawiri kuti amve sichimukondweretsa. Pa IELTS pali chinanso: ochonga amaphunzitsidwa kuzindikira ziganizo zoloweza, zija zokongola zimene wolemba amabwera nazo m'mutu kuti azilowetse pa funso lililonse, ndipo sizimupindulira. Kawirikawiri zimaonekera chifukwa chiganizo chimodzi chimanyezimira pakati pa zinzake zotsimphina.

Mayeso atsala milungu isanu ndi umodzi. Ndichite chiyani?

Musayambe ndi mndandanda wa mawu 3,000 umene wina wakutumizirani pa WhatsApp. Tengani mapepala a mayeso a zaka zapitazo, a MANEB kapena mabuku a Cambridge a IELTS, ndipo mulembe mzere kunsi kwa liwu lililonse limene lakulepheretsani kumva funso kapena ndime. Yambani ndi aneni a m'mafunso, monga *evaluate*, *justify*, *contrast*, *outline* ndi *imply*, chifukwa amene wasokoneza *contrast* ndi *describe* amalemba tsamba lonse la Chingerezi chabwino loyankha funso limene silinafunsidwe. Onjezerani mawu a m'timagulu toyambirira ta Coxhead amene simungathe kuwaika m'chiganizo. Mawu khumi atsopano pa tsiku kwa masiku 30 ndi 300, ndipo masiku otsalawo akhale obwereza okhaokha, osaonjezera. Chiwerengerochi chikuoneka chochepa poyerekeza ndi 8,000 ija, koma ndi mawu 300 osankhidwa kuchokera pa mapepala enieni a mayeso anu.

Tsiku lililonse yambani ndi timapepala takale musanatenge tatsopano, ndipo yankho lizituluka pakamwa kapena pa pepala musanatembenuze. Mawu amene mukufuna kudzawagwiritsa ntchito polemba muziwafunsanso chobwerera, kuyambira ku tanthauzo kupita ku Chingerezi, popeza m'chipinda cha mayeso ganizo ndi limene limayamba, liwu n'kumafunidwa pambuyo. Kawiri pa sabata lembani chimangirizo mutatchera wotchi. Pa IELTS gawo lachiwiri la kulemba limafuna mawu osachepera 250 m'mphindi pafupifupi 40. Mukamaliza, perekani kwa mphunzitsi kapena mnzanu wodziwa bwino, ndipo mumupemphe chinthu chimodzi chokha, kuti azungulize liwu lililonse limene silikukhala bwino pamalo pake. Mawu ozungulizidwawo abwerere m'bokosi loyamba, aliyense ndi chiganizo chatsopano chochokera m'dikishonale.